Apongozi Anga, Woimba Roko wa ku Finland

Tsiku limene Sam ananditenga kuti ndikaonane ndi mayi ake, anangondiuza kuti amagulitsa maluwa pamsika wa ku Romford, kuno ku London, ndiponso kuti kwawo ndi ku Finland. Zina zonse sananene. Ndinavala diresi langa lalitali la kutchalitchi, ndipo musitima monse ndinkayeseza mumtima mmene ndikawapatsire moni. Mayi anga anali atandichenjeza kale kuti kaya munthu ndi mzungu kaya ndani, apongozi ndi apongozi basi, ndisakaseke mokweza ngati ndili ndi anzanga.

Titangolowa mumsika ndinamva mawu. Anali mawu aakulu, osasa, oti akamveka amakunjenjemeretsa m'chifuwa. Ankaitanira anthu kuti adzagule maluwa, ndipo ankaposa a bambo wogulitsa nsomba ndi a anyamata a zipatso onse pamodzi. Ndinafunsa Sam kuti bambo akukuwawo ndi ndani. Iye anaseka mpaka kutsamira khoma, n'kundiuza kuti amenewo ndiwo mayi ake.

Mayi Kaisu ndi munthu wamfupi, wa imvi zometedwa ngati za mwamuna. Anavala jekete lachikopa lakuda, lotha m'zigongono, ndipo padzanja lawo lamanja panali chithunzi cha mbalame chojambulidwa pakhungu. Ndinanyonyomala pang'ono n'kupereka moni ndi manja awiri. Anandiyang'ana bwinobwino, n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Ndiwe Yamiko," anatero. "Chabwino."

Kenako anandipatsa kambiya ka maluwa ofiira kuti ndiwagwirire, n'kutembenukira kwa kasitomala wina.

Madzulo ake tinadya kunyumba kwawo. Anaphika supu ya nsomba ndi mbatatesi, ndi buledi wakuda wowawasa amene ndinavutika naye kutafuna. Bambo ake a Sam, a Bruce, ndi Mngelezi wolankhulalankhula, makanika amene anapuma ntchito, ndipo anandifunsa za ntchito yanga ya kufamase ya kuchipatala, za mayi anga, za ku Malawi. Koma mayi Kaisu sanalankhule zambiri. Ankangondiwonjezera supu m'mbale. Ine ndinaganiza kuti sanandikonde. Sam anadzandiuza pambuyo pake kuti kwawo kwa mayi akewo munthu akakhala nawe chete ndiye kuti wamasuka nawe, ndipo akanakhala kuti sanandifune akanayamba kundifunsa za nyengo.

Titatha kudya, a Bruce anandifunsa ngati Sam anandiuzapo kuti mayi ake anali ndani. Sanadikire yankho. Anayatsa kanema, n'kuika vidiyo yakale yosaoneka bwino. Pasiteji panali mtsikana wa tsitsi lambiri lanyankhalala, akuthamanga uku ndi uku, maikolofoni ili m'manja, kumbuyo kwake kuli anyamata anayi ndi magitala amagetsi ndi ng'oma. Khamu la anthu linkadumpha ngati chimanga chokazinga. Mtsikanayo atatsegula pakamwa ndinawazindikira mawu aja. Ndinacheuka. Mayi Kaisu anali kukhitchini, akutsuka mbale, ndipo osatembenuka n'komwe anangoti woimba ng'oma tsiku limenelo ankathamanga kwambiri.

Mbiri yawo sindinaimve tsiku limodzi. Ndinkaitola pang'onopang'ono Loweruka lililonse limene sindinali pashifiti, ndikamawathandiza kukulunga maluwa pamsika. Amayankhula bwino manja akakhala otanganidwa.

Anabadwira m'katauni kena kum'mawa kwa Finland, m'mphepete mwa mtsinje, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Tauni yonse inkadya kufakitale yopanga mapepala. Bambo awo ankagwira ntchito komweko, mayi awo ankakolopa kusukulu. Amati fakitaleyo inkatulutsa fungo ngati la mazira ovunda, moti alendo ankatseka mphuno, koma eni tauni sankalimva n'komwe. Ali mwana ankakonda kuimba kwambiri, koma mphunzitsi wa kwaya ya kusukulu ankawaimika kumbuyo ndi kuwapempha kuti aziimba chapansipansi, chifukwa mawu awo ankaphimba atsikana ena onse. Iwo amati ankayesetsa, koma kuimba chapansipansi kunkawapweteka kukhosi.

Atafika zaka za m'ma sekondale, mnyamata wina wa m'kalasi mwawo, dzina lake Raimo, anagula gitala yamagetsi yakale. Anasonkhanitsa anzake, koma analibe woimba. Tsiku lina Raimo anamva Kaisu akuitana galu wawo kuchokera tsidya lina la bwalo la mpira, ndipo mawa lake anamufunsa ngati angayese kuimba nawo. Ankaphunzirira m'kanyumba kosungiramo nkhuni kuseri kwa nyumba ya makolo a Kaisu, m'nyengo yozizira, atavala majekete ndi zipewa, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa. Zala za Raimo zinkauma pazingwe. Nyimbo zawo zinali za roko, zija zaphokoso la magitala ndi ng'oma zolimba, ndipo kwa nthawi yoyamba panalibe womuuza Kaisu kuti achepetse mawu. M'malo mwake anyamatawo ankamupempha kuti akweze.

Bambo awo anabwera kamodzi kokha kudzaona. Anaima pakhomo, chipale chofewa chili m'mapewa, namvetsera nyimbo imodzi yonse, n'kubwerera osanena kanthu. Kaisu anaganiza kuti awathamangitsa. Koma atabwera kuchokera kusukulu mawa lake, anapeza bambowo atakhoma makapeti akale m'makoma monse ndi kuika kachitofu pakona. Mayi Kaisu akamafotokoza zimenezi amasiya kaye kudula maluwa.

Bandiyo anaitcha Ruostekello, kutanthauza belu la dzimbiri. Anayamba kuimba m'maholo a sukulu, kenako m'malo ovinira a m'mphepete mwa nyanja zambirimbiri za m'dzikolo, kumene anthu akumidzi amasonkhana m'chilimwe. Anagula minibasi yakale imene kale inkanyamula buledi, ndipo ankayenda nayo dziko lonse, zida zili kumbuyo, iwo atapanikizana kutsogolo. Amati nthawi ina anaima pamsewu kwa nthawi yaitali chifukwa chinyama chachikulu ngati ntchefu chinali chitaima pakati pa msewu, chikuwayang'ana, ndipo Raimo anapeka nyimbo yonse akudikira kuti chichoke. Kumalo ena ankafika n'kupeza anthu ochepa oti n'kuwawerenga ndi zala, kwina holo inkadzaza mpaka mawindo kuchita thukuta.

Anajambula zimbale zitatu. Pa chimbale chachiwiri panali nyimbo imene Kaisu analemba yekha, yonena za mtsikana woima pamlatho kudikira kuti madzi oundana a mumtsinje asweke, kuti aone chinthu ngakhale chimodzi chikuchoka m'tauniyo. Nyimboyi inalira pawailesi chilimwe chonse. Mayi awo ankaimva akukolopa kusukulu, ndipo ana ankawafunsa ngati zinalidi zoona kuti woimbayo ndi mwana wawo. Ine ndinawafunsapo ngati anali otchuka. Anaganiza kaye, n'kunena kuti anali otchuka mokwanira kuti wogulitsa petulo awazindikire, koma osati mokwanira kuti awathirire mwaulere.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaganiza zokayesa mwayi ku London. Anamasulira nyimbo zawo m'Chingelezi, nakwera sitima yapamadzi pamodzi ndi minibasi yawo ija. Kuno zinthu sizinayende. Mabandi anali ochuluka ngati nyerere, ndipo nyimbo zawo zitavala Chingelezi zinataya kukoma. Ankaimba m'mabala ang'onoang'ono, anthu akucheza zawo. Onse asanu ankagona m'zipinda ziwiri, ndipo masana Kaisu ankatsuka mbale m'lesitilanti. Komabe akamakamba za nthawi imeneyo amaseka kwambiri. Amati kunali koyamba kudya mango, koyamba kumva nyimbo za ku Jamaica zikulira pamsewu, koyamba kuyenda mumzinda wopanda aliyense wodziwa bambo awo.

Tsiku lina akupita kukaimba chakum'mawa kwa London, minibasi ija inathima pafupi ndi Romford, ndipo inakana kulira. Anaikankha mpaka pagalaja ina. M'menemo munatuluka mnyamata wamtali wa manja akuda ndi oyilo, amene anatsegula injini n'kunena kuti galimotoyi inafa kalekale, kungoti palibe anaiuza. Anali Bruce. Anaikonza kuti ingofika kumene ankapita, kenako anatseka galaja n'kuwatsatira, akuti kuopa kuti ingafenso panjira. Kuyambira pamenepo sankaphonya paliponse pamene bandiyo inkaimba. A Bruce amanena okha kuti nthawi zina iwo ndiwo ankakhala theka la anthu omvera.

Anyamata aja anayamba kubwerera kwawo mmodzimmodzi. Wina analowa ntchito ya uphunzitsi, wina anakwatira. Womaliza anali Raimo, amene anapempha Kaisu kuti abwerere limodzi akayambirenso. Kaisu anakana. Anthu akamva nkhaniyi amayamba kuwamvera chisoni, ngati kuti anataya chinthu chachikulu chifukwa cha mwamuna. Iwo amakana zimenezo. Amati anali atatopa ndi kugona atakhala tsonga m'galimoto, ankafuna khitchini yawoyawo, ndipo Bruce ankawaseketsa tsiku lililonse.

Ntchito ya maluwa anaipeza mwangozi. Mayi wina wokalamba wa pamsikapo anadwala chimfine mpaka mawu kutha, ndipo Kaisu, amene ankangodutsa, anadzipereka kuti amuitanire makasitomala. Pofika masana maluwa onse anali atatha. Mayiyo anamuuza kuti abwerenso, ndipo atapuma ntchito anamusiyira malowo. Sam anakulira pamenepo, pakati pa zidebe za maluwa. Iye amati ali mwana ankadziwa kuti mayi ake amaimba, poti ankaimba kukhitchini ndi m'galimoto, koma ankaganiza kuti amayi onse amaimba mpaka makapu kulira m'kabati.

Tsopano ndifike pa mayi anga, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ikanathera pamaluwa. Mayi anga, a Effie, ndi nesi. Anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ine ndili wamng'ono, n'kudzanditenga pambuyo pake. Ndi munthu wa Mvano weniweni, ndipo ndiwo amatsogolera kwaya ya amayi kumpingo kwathu ku Tottenham. Nditawaonetsa chithunzi cha mayi ake a Sam anachiyang'ana nthawi yaitali, makamaka kambalame ka padzanja kaja, n'kufunsa ngati nyimbo za roko si zija za anthu osuta chamba. Ndinawauza kuti chimene apongozi anga amakonda ndi khofi, ndipo amagona nkhuku zisanalowe.

Anakumana koyamba kunyumba kwathu, pokonzekera chinkhoswe. Mayi Kaisu anabwera ndi kamtengo ka mandimu m'mbiya, osati maluwa odula, akuti chifukwa ubale si wa sabata imodzi. Mayi anga anakalandira ndi manja awiri. Anacheza mwaulemu, aliyense akusamala mawu. Koma chakumadzulo amayi a kwaya anafika kudzaphunzira nyimbo za paukwati, ndipo mayi Kaisu sananyamuke. Anakhala pakona, maso ali otseka, akumvetsera.

Kwaya ya mayi anga inali ndi vuto limodzi lakalekale. Inalibe besi. Abambo a kumpingo kwathu ambiri amagwira mashifiti a Loweruka, ndipo amene amapezeka amathawa akamva zophunzira nyimbo. Tsiku limenelo amayiwo akubwereza kolasi kachitatu, pansi pa mawu awo panamveka mawu ena, akuya, akutsata bwinobwino popanda mawu a nyimboyo, kungong'ung'udza. Mayi Petronella, mnzawo wa mayi anga wa ku Thamesmead, anasuzumira pawindo kuganiza kuti kwabwera mwamuna. Mayi anga anakweza dzanja, kwaya inaima, ndipo mayi Kaisu anatsegula maso n'kupepesa.

"Musapepese, asewele," anatero mayi anga. "Imirirani apa."

Anawaphunzitsa mawu a nyimbozo mzere ndi mzere. Zinapezeka kuti Chifinishi chimawerengedwa mmene chalembedwera, ngati Chichewa, ndipo apongozi anga sanavutike ndi katchulidwe. Chimene chinkawavuta ndi kuvina. Iwo anazolowera kudumpha ndi kugwedeza mutu, pamene amayi athu amayenda pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, chiuno chikutsatira. Paukwati wathu anaima pamzere wa kwaya atavala chitenje chofanana ndi cha anzawo, nsapato zawo zazikulu zakuda zikuonekera pansi. Atalowa ndi besi yawo, amalume anga amene anachokera ku Malawi anatembenuka kufunafuna kuti abambo akuimbawo abisala kuti. Kuyambira tsiku limenelo amayi a kumpingo amawatcha aNabesi, ndipo iwo amavomera.

Sanasiye. Lamlungu lililonse ankakwera sitima kuchokera ku Romford kubwera ku Tottenham. Sanabatizidwe mwatsopano kapena kulowa Mvano, ndipo mayi anga sanawakakamize. Ankangobwera, kuimba, kudya mandasi, kumvetsera amayi akukamba za ma bili ndi za mabwana a kuntchito, n'kubwerera. Chichewa chawo chinakula mwachilendo. Ankadziwa kunena za chisomo ndi chipulumutso asanadziwe kupempha madzi akumwa. Mwana wathu Lois atabadwa, agogo awiriwa ankasinthana kumulera, ndipo mwanayo anakula akumva zinenero zitatu, n'kumayankha onse m'Chingelezi.

Lois ali ndi zaka zinayi, Raimo anaimba foni. Anali atakalamba, atapuma ntchito yokonza mawailesi, koma gitala sanaisiye. Anati fakitale ija inatsekedwa kalekale, ndipo tauniyo tsopano imachita chikondwerero cha nyimbo m'chilimwe pabwalo la fakitale lomwelo. Achinyamata anali atapeza nyimbo ya pamlatho ija pa intaneti n'kuyamba kuikonda, ndipo okonza chikondwererocho ankafuna kuti bandiyo idzaimbenso. Woimba ng'oma anali atamwalira, koma mwana wake wamkazi ankaimba bwino kuposa bambo ake, ndipo sankathamanga. Panatsala woimba yekha.

Mayi Kaisu anakana. Sanauze aliyense kupatula a Bruce, ndipo a Bruce, amene sasunga nkhani, anauza Sam, Sam anauza ine, ine ndinauza mayi anga. Loweruka lotsatira mayi anga anachoka kushifiti n'kulunjika kumsika, yunifolomu ili m'kati mwa jekete. Ine ndinalipo. Anadikira kuti kasitomala achoke.

"Asewele, ndamva kuti kwanu akukuitanani, inu mwakana."

"Mawu a pamwamba anapita, Effie. Nyimbo zimenezo ndinkaziimba ndili mtsikana. Sindikufuna anthu akandimvere chisoni."

"A pamwambawo tili nawo ife," anatero mayi anga. "Inu mwatipatsa a pansi zaka zonsezi. Mukuganiza kuti ife tingakukanizeni athu?"

Apongozi anga anakulunga maluwa amene panalibe amene anawagula, kuwamasula, n'kuwakulunganso. Kenako anafunsa ngati mayi anga ali ndi tchuthi mu Julaye.

Raimo anabwera ku London masika amenewo ndi gitala yake, bambo woonda wa ndevu zoyera, wosayankhula kuposa mayi Kaisu. Ankaphunzirira m'galaja ya kunyumba kwa a Bruce, Loweruka masana msika ukatha. Amayi atatu a kwaya ndiwo anadzipereka: mayi anga, mayi Petronella, ndi mtsikana wina woimba mawu a pamwamba kwambiri. Koma mayi anga anaika lamulo. Sakanaimba mawu amene sakuwadziwa tanthauzo lake. Choncho apongozi anga anakhala pansi n'kumasulira nyimbo iliyonse. Zambiri zinali za mtsinje, za kuzizira, za kufuna kuchoka, ndipo mayi anga anati zimenezo ngakhale wa ku Ntcheu amazidziwa. Koma panali imodzi yoyamikira mowa wa Lachisanu. Imeneyo anati akaifika iwo adzatsika pasiteji kukamwa madzi, adzabwera ikatha. Raimo anavomera ndi mutu.

Poyamba zinali zosokonekera. Amayiwo anazolowera kuyamba nyimbo mmene mtima wawauzira, pamene bandi imawerenga. Phokoso la gitala linkawagonthetsa m'kutu, moti mayi Petronella ankabwera ndi thonje. Koma tsiku lina anafika pakolasi ya nyimbo ya pamlatho, pamene Kaisu wachitsikana ankakwera pamwamba yekha. Apongozi anga anatsikira pansi, amayi atatu aja n'kukwera, mawu atatu osiyana olukana ngati nkhata. Raimo anasiya kuimba, gitala ili m'manja. Ananena mawu ochepa m'Chifinishi. Nditafunsa, apongozi anga anati akuti nyimboyi inkayenera kukhala chonchi kuyambira pachiyambi. A Bruce, amene anakhala m'banja ndi Mfinishi zaka zonsezi osatha kutchula bwino ngakhale moni, anadandaula kuti amayi a ku Malawi awapitirira m'milungu yochepa.

Tinapita tonse ku Finland, ndi Lois yemwe. Tauniyo ndi yaing'ono, yaukhondo, yozunguliridwa ndi mitengo yowongoka, ndipo fungo lija kulibenso. Dzuwa silinkafuna kulowa, zomwe zinawasokoneza mayi anga pa nthawi ya mapemphero. Mchemwali wa Raimo anatilandira kunyumba kwake m'mphepete mwa nyanja, natikonzera sauna, kachipinda kotentha kamene anthu akumeneko amakhalamo mpaka thukuta kuyenderera, kenako n'kudumphira m'madzi ozizira. Mayi anga analowa atavala chitenje mpaka m'khwapa, nakhalamo nthawi yaitali kuposa tonse, n'kunena kuti n'chimodzimodzi ku Nsanje mu Okutobala. Zodumphira m'nyanja anakana.

Apongozi anga anatitengera kunyumba imene anakuliramo. Mukukhala anthu ena tsopano, ndipo tinangoima kumpanda. Anatitengeranso kumanda a makolo awo, kumene anadzala maluwa ndi manja awo, mwaluso la munthu wa ntchitoyo, akuuza Lois dzina la duwa lililonse. Mayi anga anapempha kuti apemphere, iwo anavomera.

Anaimba Loweruka masana, dzuwa lili phwee. Bwalo la fakitale linadzaza. Kutsogolo kunali achinyamata ovala zakuda, kumbuyo azigogo atakhala pamipando yopinda, ena ndi adzukulu pamiyendo. Asanayambe ndinapita kuseri kwa siteji kukawapatsa madzi.  Ndinali ndisanawaonepo apongozi anga akuopa kanthu mpaka tsiku limenelo. Anandiuza kuti bondo likuwapweteka ndipo aiwala mzere woyamba. Mayi anga anawagwira dzanja, lija la kambalame, n'kuwanong'oneza mzerewo m'Chifinishi.

Nyimbo yoyamba mawu anatuluka monjenjemera, ndipo anaima malo amodzi atagwira chitsulo cha maikolofoni ndi manja onse. Yachiwiri anachisiya. Pofika yachitatu anali akuyenda siteji yonse, motsimphina pang'ono, akuloza anthu amene ankawazindikira m'khamumo. Sam anandigwira phewa. A Bruce ankalira poyera, mpango uli m'manja, akuuza aliyense woyandikana nawo kuti ameneyo ndi mkazi wawo. Itafika nyimbo ya mowa ija, mayi anga anatsikadi mwaulemu, nakaima pambali ndi botolo la madzi, koma ndinaona phazi lawo likugunda pansi.

Nyimbo ya pamlatho anaisungira kumapeto. Raimo atangoyamba, bwalo lonse linaimirira, ndi azigogo omwe. Anthu amene sabata yonse ndinkawaona akuyenda mwakachetechete, osapatsana moni mubasi, anaimba mawu onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakolasi amayi athu atatu anakwera pamwamba, zitenje zawo zikuwala padzuwa, apongozi anga ali pansi pawo ngati mwala wa maziko. Itatha, mayi Petronella anaiwala kumene ali n'kuimba nthungululu pamaikolofoni. Anthu anadabwa kaye. Kenako atsikana a kutsogolo anayesa kutsanzira, ena n'kutsatira, mpaka bwalo lonse linkayesa nthungululu, molakwitsa, likuseka.

Atatsika, anthu anapanga mzere kudzawapatsa moni. Mayi wina woyendetsa mathiraki anawauza kuti kaseti yawo inamuperekeza m'misewu yakumpoto mpaka inaduka. Bambo wina wokalamba anati ankagwira ntchito makina amodzi ndi bambo awo, ndipo bambowo ankabisa chimbale cha mwana wawo m'kabati ya kuntchito n'kumaonetsa aliyense watsopano. Apongozi anga sankadziwa zimenezi. Anamugwira dzanja bamboyo nthawi yaitali.

Okonza zikondwerero zina anawaitana, koma anavomera ziwiri zokha pachaka, akuti maluwa sadikira. Raimo amabwera ku London nthawi ndi nthawi, ndipo akabwera amaimba Lamlungu masana m'kaholo kena ku Romford, amayi a kwaya akangoweruka kutchalitchi. Kumabwera Afinishi ochepa okhala kuno, anthu a kumpingo kwathu, ndi anzawo a pamsika. Ayambanso kulemba nyimbo. Nthawi zina amandiimbira foni ndili pankhomaliro kuntchito kundifunsa mawu a Chichewa, monga dzina la mvula ija imagwa dzuwa likuwala, kapena mmene timanenera munthu akasowa kwawo koma osafuna kubwererako.

Pano nkhani imene ili m'nyumba ndi ya ulendo wa ku Malawi. Mayi anga akuti iwo anaona kwawo kwa asewele awo, tsopano ndi nthawi yoti aseweleo akaone ku Ntcheu. Auza kale abusa akumeneko kuti akubwera ndi mzungu woimba besi, ndipo kwaya ya kumudzi yayamba kukonzekera. Apongozi anga akuwerenga za mitengo ya kwathu, akufuna kukaona maluwa amene kuno amawasunga m'nyumba akukula okha m'mphepete mwa msewu. A Bruce akufunsa aliyense za magalimoto amene amayenda kumeneko ndi mmene misewu ilili. Sabata yatha ndinawapeza amayi awiriwa kukhitchini kwanga akukangana za katundu. Mayi anga amati kumeneko kukakhala kotentha, atenge madiresi opepuka. Apongozi anga anamvetsera mpaka mapeto, n'kuvomera madiresi awiri, kenako anafunsa ngati kutchalitchi cha kumudziko kuli magetsi, chifukwa Raimo nayenso akufuna kubwera.